Kusankha hita ya m'kanyumba ka boti: funsani kaye kumene utsi udzatulukire

Mwezi wa Meyi ukamatha, anyamata ambiri a kuno ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba amakhala ali kale pamadzi, ena m'marigi (maboti ogwirira kapenta) ku Siavonga ndi Sinazongwe pa nyanja ya Kariba, ena ku Cahora Bassa m'dziko la Mozambique, enanso m'misasa ya m'mbali mwa Luangwa. Kapenta amagwidwa usiku ndi nyali, choncho ntchito imagwera nthawi imene chisanu cha Juni ndi Julaye chimaluma kwambiri, kuyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha. Eni maboti akandifunsa kuti agule hita yotani ya m'kanyumba kogonamo antchito awo, ine ndimayamba ndawafunsa kuti moto umenewo ukayaka, utsi wake udzatulukira kuti.

Chifukwa chake n'chakuti chilichonse choyaka, kaya ndi makala, palafini, gasi kapena dizilo, chimadya mpweya umene ifenso timapuma. M'kanyumba kakang'ono kotsekedwa chitseko ndi zenera, mpweya ukachepa moto suyaka bwino, ndipo umatulutsa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Poizoniyu alibe fungo, saoneka ndi maso, ndiponso satsokomoletsa, koma akalowa m'thupi amakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya oksijeni kuwirikiza ka 200. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa miyendo, ndipo ambiri amati ndi malungo, n'kumwa mankhwala a mutu n'kugona pomwepo, pamene kugona m'malo amenewo ndiko kumapha. Mukaona kuti onse a m'kanyumba adwala nthawi imodzi, kapena kuti mutu ukuleka munthu akatuluka panja, dziwani kuti vuto ndi mpweya.

Pa chifukwa chimenechi, mbaula isalowe m'kanyumba ka boti ngakhale pang'ono. Ndikudziwa kuti tonse tinakulira pa mbaula ndipo ndiyo yosaboola m'thumba, koma chikhulupiriro chakuti makala akafiira n'kusiya kufuka ndiye kuti alibenso vuto n'chabodza, ndipo chaika m'manda anthu ambiri, pamadzi ndi kumtunda komwe. Makala ofiira amapitiriza kutulutsa poizoni mpaka atazimiratu. Komanso boti silikhala bata, funde limodzi likhoza kumwaza makala pa maukonde kapena pafupi ndi chigubu cha petulo. Mbaula ikhale panja poyera, pamwamba pa chitsulo, ndipo izimitsidwe ndi madzi anthu asanagone.

Hita za palafini ndi za gasi zonyamula m'manja zimaoneka zamakono, koma zilibe paipi yotulutsira utsi, choncho zonse zimene zawotcha zimatsala momwemo. Ngati mwasankha imodzi mwa izi, gulani imene imazima yokha ikagwa ndiponso mpweya ukachepa, muziiyatsa pokhapokha pali munthu amene ali maso, zenera lili lotsegula, ndipo muziyang'ana lawi lake, pakuti lawi lachikasu losiya mwaye limasonyeza kuti siikuyaka bwino. Lita imodzi ya palafini ikapsa imatulutsa nthunzi ya madzi pafupifupi lita imodzi, n'chifukwa chake mabulangete amacha ali a chinyezi ndipo makoma amachita nkhungu ndi dzimbiri. Gasi ali ndi choopsa china: ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha amatsikira pansi pa boti pamene palibe potulukira, n'kudikira kamoto kochokera ku batire. Silinda ya gasi ikhale kunja, yoimirira ndi yomangidwa, ndipo polumikiza mapaipi muziyesa ndi madzi a sopo, osati machesi.

Hita ya magetsi situlutsa utsi, koma masamu ake ndi amene amakana. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga mphamvu yokwana 1,200Wh, kutanthauza kuti hita ya 1,000W ikhoza kuimaliza m'ola limodzi ndi mphindi zochepa, pomwe batire wamba ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka. Amene amadalira jenereta akumbukire kuti utsi wa jenereta ndi wa injini uli ndi poizoni yemweyo, ndipo mphepo ikatembenuka imaulowetsa m'kanyumba.

Imene ine ndimalimbikitsa kwa mwini boti amene angakwanitse ndi hita ya dizilo youzira mpweya wotentha, ya mtundu umene umaikidwa m'malole. Moto wake umayaka m'chitsulo chotsekedwa, utsi umatuluka kunja kudzera pa paipi, ndipo kafani kamauzira m'kanyumba mpweya woyera umene wangodutsa kunja kwa chitsulo chotenthacho. Zodziwika kwambiri ndi za makampani a Webasto ndi Eberspächer, koma zilipo zambiri zotsika mtengo zochokera ku China. Ya 2kW imakwanira kanyumba ka anthu awiri kapena atatu, ndipo ikatsegulidwa mpaka pamapeto imamwa pafupifupi kota ya lita pa ola. Musathamangire ya 5kW poganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino, chifukwa m'malo ochepa idzakhalira kuyaka motsika ndipo idzadzaza mwaye msanga.

Ubwino wonse wa hita imeneyi uli pa kaikidwe kake, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti musaumire ndalama ya mmisiri wodziwa. Paipi ya utsi imatentha kwambiri, choncho isakhudze matabwa, zingwe kapena maukonde, ndipo itulukire pamwamba pa pomwe madzi amafika, kutali ndi zenera komanso kutali ndi pamene hita imakokera mpweya. Hita zambiri zotsika mtengo zimabwera ndi sailensa ya galimoto yokhala ndi kabowo pansi kotayira madzi, ndipo imeneyo ikaikidwa mkati mwa boti imadontheza utsi. Pozimitsa gwiritsani ntchito batani lake n'kuilola kuti izizire yokha, osati kuchotsa waya wa batire.

Kaya mwagula hita yotani, m'kanyumba mukhale chozimira moto ndi alamu ya carbon monoxide yoyendera mabatire, yoikidwa pafupi ndi pogona, yoyesedwa sabata iliyonse. Alamu ya utsi wamba siimva poizoni ameneyu. Munthu akapezeka wakomoka kapena wasokonezeka mutu, mutulutseni panja msanga, mugonekeni cham'mbali, zimitsani moto ndipo thamangirani naye kuchipatala, mukawauze kuti anapuma utsi, popeza oksijeni ndiye mankhwala ake. Mkaka suchotsa poizoniyu m'magazi, ndipo ngakhale atatsitsimuka apitebe akaonedwe.

Amene sangakwanitse kugula hita ya dizilo chaka chino, ndalama zawo zipite ku mabulangete okhuthala, zipewa zaubweya, zovala zouma zosinthira akamaliza kukoka ukonde, ndi matabwa oyala pansi pa matiresi kuti asagone pa chitsulo. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje limafunditsa kwa maola angapo. Kachasu ayi: amapangitsa munthu kumva ngati wafunda pamene thupi likutaya kutentha, ndipo woledzera sadzuka ngakhale alamu italira.