Momwe mungaonere mapuloteni a surfactant m'mapapo pogwiritsa ntchito ma-antibody

Khanda lobadwa masiku asanakwane likamapuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati, kawirikawiri chimene chaperewera ndi surfactant, timafuta toletsa timatumba ta mpweya ta m'mapapo kumatana munthu akamatulutsa mpweya. Mary Ellen Avery ndi Jere Mead ndiwo anaonetsa zimenezi mu 1959. Pafupifupi magawo 90 pa 100 a surfactant ndi mafuta, otsalawo ndi mapuloteni, ndipo odziwika ndi anayi: SP-A, SP-B, SP-C ndi SP-D. Ndalembera makamaka ophunzira a kuno ku Mzuzu amene akufuna kuwaona pa maikulosikopu mwa njira ya immunohistochemistry, yomwe imagwiritsa ntchito ma-antibody, mapuloteni omatirira pa puloteni imene mukusaka, kuti ioneke ndi utoto.

Choyamba, chilolezo. Ngati mnofu wa mapapowo ndi wa munthu, kafukufuku wanu adutse kaye ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga MZUNIREC ya ku Mzuzu University kapena NHSRC, komiti ya dziko lonse yoona za kafukufuku wa zaumoyo. Musagule kanthu kalata isanatuluke.

Kachiwiri, sankhani antibody, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimalowera m'madzi. Dzifunseni chimene mukusaka. Ngati mukufuna kuwerenga maselo a type II, omwe amapanga surfactant, gulani ya pro-SP-C, chifukwa SP-C imapangidwa ndi maselo amenewa okha. Ndanena dala kuti "pro", kutanthauza SP-C isanakhwime. SP-C yokhwima ndi kanthu kochepetsetsa, pafupifupi 4 kDa (muyeso wa kulemera kwa mapuloteni), kokonda mafuta, kovuta kukagwira, pamene pro-SP-C ndi ya 21 kDa ndipo imakhala ikadali m'kati mwa selo. SP-A ndi SP-D ndi za chitetezo, zimamatirira tizilombo tolowa ndi mpweya, choncho zimayenera amene akufufuza za chibayo kapena chifuwa chachikulu. Werengani pepala la kampani: kodi antibodyyo inayesedwa pa mnofu wa munthu kapena wa mbewa? Kodi imagwira pa mnofu woikidwa m'phula la paraffin? Ina imagwira bwino pa Western blot, njira ina yopezera mapuloteni, koma pa silaidi osaonetsa kalikonse.

Ikafika, igaweni m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwelo ndi kusunga monga pepalalo lanenera, kaya pa madigiri 4 kaya pa madigiri -20. Kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumaipha. Magetsi akathima musatsegule firiji kuti "mungoona".

Kachitatu, mnofu. Uikeni mu formalin ya 10 peresenti kwa maola 24 mpaka 48, osati sabata yathunthu. Mapapo a mbewa muwathire formalin kudzera pa kholingo kuti afufume, apo ayi timatumba timamatana ndipo simudzasiyanitsa selo ndi linzake. Mukauika m'phula, dulani tizidutswa ta ma-micrometre 4 kapena 5 n'kutiika pa masilaidi. M'miyezi ya June ndi July, Mzuzu ikazizira ndi kamvula kowaza kaja, masilaidi sauma msanga pa benchi. Aumitseni mu uvuni pa madigiri 60 kwa ola limodzi, kupanda apo mnofu udzayandama powiritsa.

Kachinayi, chotsani phula ndi xylene, mudutse mu alcohol mpaka m'madzi, kenako wiritsani masilaidi mu citrate buffer ya pH 6 kwa mphindi ngati 20. Formalin imamanga mapuloteni n'kubisa malo amene antibody imagwira, ndiye kutenthako kumamasula. Pressure cooker wamba imagwira ntchitoyi, bola isadzabwererenso kukaphika nyemba. Asiyeni azizire okha mu buffer momwemo.

Zotsatira n'zachidule. Hydrogen peroxide ya 3 peresenti kwa mphindi 10, tsukani ndi PBS (madzi a mchere otsukira), thirani serum yotsekera malo omwe antibody ingamatirire mwachisawawa, kenako antibody yoyamba, yosungunulidwa monga pepala lanenera, igone usiku wonse pa madigiri 4. Kabokosi ka pulasitiki konyamulira nsima, mutayalamo tishu yonyowa, n'kokwanira kuti masilaidi asaume. Mawa lake tsukani, thirani antibody yachiwiri yokhala ndi enzyme ya HRP, kenako DAB, mankhwala amene HRP imawasandutsa mtundu wa khofi, mutavala magolovesi, mukuyang'ana pa maikulosikopu mpaka mtundu wa khofi utulukire. Malizani ndi haematoxylin, utoto wa buluu woonetsa maselo.

Tsopano kuwerenga, komwe ambiri amapusitsikira. Pro-SP-C yoona imaoneka ngati timadontho m'kati mwa maselo onenepa okhala m'ngodya za timatumba, osati utoto wopakika paliponse. SP-A imaonekanso m'ma-macrophage, maselo omeza zinyalala ndi tizilombo, osati chifukwa amaipanga, koma amameza surfactant yakale. Ndiye pali vuto lathu lenileni: munthu amene wakulira pa mafuwa, kapena wakhala zaka akuphikira pa mbaula, ma-macrophage ake amadzaza mwaye. Pa lenzi yaing'ono mwayewo umafanana ndi DAB, ndipo ndinaonapo wophunzira wina akujambula zithunzi tsiku lonse, akusangalala, pamene akujambula utsi wa makala.

N'chifukwa chake ulendo uliwonse muziyendetsa masilaidi atatu: lanu, lina la mapapo abwinobwino lomwe mukudziwa kuti liyenera kuonetsa, ndi lina lomwe simunathirepo antibody yoyamba. Yambani kuyang'ana lachitatuli. Kadontho kalikonse kakuda kamene kaliponso pamenepo musakawerenge. Mwaye ukachuluka moti ukusokoneza, siyani DAB mugwiritse ntchito utoto wofiira monga AEC, koma mumatire galasi ndi mounting medium ya madzi, chifukwa AEC imasungunuka mu alcohol ndi xylene.