Mmene amatolera ndi kusamalira mazira a ng'ona ya yacaré overo ku Santa Fe

Ku South America kuli ng'ona ya mlomo waufupi koma wotambalala, imene anthu a ku Argentina amaitcha yacaré overo, ndipo akatswiri amailemba kuti Caiman latirostris. Imapezeka kumpoto kwa Argentina, ku Brazil, Paraguay, Uruguay ndi Bolivia. Siifika msinkhu wa ng'ona zathu za mu Shire: yamphongo nthawi zambiri imatalika mamita awiri kapena awiri ndi theka, yaikazi imacheperako. Imakonda madambo a madzi odekha okhala ndi udzu wambiri, ngakhalenso maiwe okumbira ng'ombe. Mlomo wakewo ndi wophwanyira nkhono ndi nkhasi, koma imadyanso nsomba ndi mbalame.

Chikopa chake n'chofewa kusiyana ndi cha abale ake ambiri, ndiye alenje anaipulula kwa zaka zambiri. Mu 1990 m'chigawo cha Santa Fe ku Argentina anayambitsa ntchito yotchedwa Proyecto Yacaré, ndipo pofika 1997 pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, lotchedwa CITES, linalola kuti ng'ona za mtunduwu za ku Argentina zizigulitsidwa motsata malamulo. Ntchito yonseyi inagona pa chisa. Ndikufuna ndikufotokozereni kasamalidwe ka mazira, chifukwa pamenepa ndi pomwe munthu amaphera kapena kupulumutsa ng'ona.

Yambani mwachidziwa chisacho. Ng'ona yathu imakumba una mumchenga, koma iyi imaunjika udzu, masamba ndi dothi n'kupanga mulu ngati wa manyowa. Zinyalalazo zikamawola zimatulutsa kutentha kofungatira mazira. Ku Santa Fe imaikira mu Disembala ndi Januwale, mazira apakati pa 18 ndi 50 m'chisa chimodzi, ndipo amatenga masiku pafupifupi 70 kuti aswe. Make sapita patali. Wotola mazira sapita yekha. Mmodzi amafukula, wina amayang'ana kumadzi.

Mukafukula mulu, musanyamule dzira musanalilembe. Tengani pensulo, lembani kamzere pamwamba pa dzira lililonse lidakali momwe make analisiyira. Chifukwa chake n'chakuti dzira likangoikiridwa, pasanathe nthawi kamwana kamamatirira kumtunda kwa chigoba, mkati. Mukalitembenuza, kamwanako kamatsamiridwa ndi zamkati mwa dziralo n'kufa. Amene munazolowera nkhuku, samalani kwambiri apa: thadzi limatembenuza mazira ake tsiku ndi tsiku, koma dzira la ng'ona silitembenuzidwa ngakhale kamodzi. Ine ndimaona kuti langizo limeneli likaphonyedwa, ena onse alibenso ntchito, popeza dzira lakufa limaoneka bwinobwino kunja ndipo mumadzazindikira patatha miyezi iwiri kuti munkafungatira chabe.

Yang'ananinso chigoba. Dzira lamoyo limakhala ndi lamba woyera wozungulira pakati, amene amakulirakulira pamene kamwana kakukula. Ikani mazira m'bokosi, kamzere kali kumwamba, mutayala pansi ndi pamwamba udzu wa m'chisa chomwecho. Mazira a chisa chimodzi akhale paokha, ndipo lembani malo ndi tsiku lomwe mwatola, kuti ana adzabwezedwe kudambo la kwawo. Paulendo, bokosi lisagwedezeke ndipo lisakhale padzuwa.

Kenako nkhani ya kutentha. Kuti mwana wa ng'onayi akhale wamphongo kapena wamkazi sizichokera kwa makolo monga zimakhalira ndi ziweto zathu. Chimene chimagamula ndi kutentha kwa m'chisa. Kafukufuku wa ku Santa Fe anapeza kuti pa madigiri 29 ndi 31 mumatuluka zazikazi zokhazokha, pomwe pa madigiri 33 mumatuluka zazimuna zokhazokha. Madigiri awiri okha! Choncho choyezera kutentha chikhale pakati pa mazira penipeni, osati pakhoma la chipinda chofungatiramo mazirawo, ndipo muzichiwerenga m'mawa ndi madzulo. Udzu ukhale wachinyontho koma osati wonyowa chodontha madzi. Ukauma, dzira limafota. Ukanyowetsa, kamwana kamabanika.

Nthawi yoswa ikakwana mudzamva ana akulira ali m'chigoba. Kutchire make ndiye amamva kulirako, n'kufukula mulu ndi kuwanyamula m'kamwa kupita nawo kumadzi. M'chipinda make ndinu. Chotsani udzu wapamwamba, ndipo musathamangire kuswa dzira lomwe silinabowoke lokha.

Wina angafunse kuti bwanji osangozisiya kutchire. Kumeneko zisa zambiri zimamira madzi akasefukira, zina zimauma kukachita chilala, zina zimafukulidwa ndi abuluzi akuluakulu onga ng'azi, ndipo nyerere zofiira zoluma zimalowa m'mulu n'kupha ana pongoswa. Amene apulumuka amakumana ndi chisanu cha mu Juni ndi Julaye adakali ang'ono, ndipo ambiri sachiwoloka. Ndiye ana amasungidwa m'maiwe ofunda, akudyetsedwa, mpaka chisanu choyambacho chitadutsa. Gawo lina limabwezedwa kudambo komwe mazira anachokera, lotsalalo limaleredwa kuti lipereke zikopa ndi nyama. Zazikulu za kutchire siziphedwa.

Mbali imene imandigwira mtima ndi ya anthu. Amene amapeza zisa ndi abusa a ng'ombe oyenda pa akavalo, amene amalidziwa dambo ngati khonde la nyumba yawo, ndipo amalipidwa akasonyeza chisa. Munthu yemwe kale ankaiona ng'ona ngati mdani kapena chikopa chongogulitsa kamodzi, tsopano akufuna yaikazi ija ikhale ndi moyo kuti idzaikirenso chaka chamawa. Satentha udzu wa m'dambo mwachisawawa, ndipo amadandaula dambo likaumitsidwa kuti alimemo soya kapena likathiridwa mankhwala ophera udzu, zomwe ndi zoopsa zazikulu kwa ng'onayi masiku ano.

Kutola mazira kutchire kotereku amachitanso ndi ng'ona zathu kunyanja ya Kariba, ndipo lamulo la pensulo ndi lomwelo. Koma kuno kwathu ng'ona ndi nyama yotetezedwa, yaikulu komanso yolusa kuposa yacaré overo. Mukapeza chisa m'mbali mwa mtsinje, musachifukule. Kauzeni a nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo ana ndi amayi otunga madzi asayandikire pagombe limenelo mpaka mazira ataswa.