Momwe tingafikitsire madandaulo athu kwa aphungu tili kuno ku Joni

Abale ambiri amene ndimapemphera nawo ku Rosettenville amati poti sitivota kuno, palibe phungu angatimvere. Zimenezi ine ndimazikana. Gawo 17 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limapatsa munthu aliyense, osati nzika zokha, ufulu wopereka madandaulo, ndipo gawo 59 limalamula Nyumba ya Malamulo kumva maganizo a anthu. Mu 2006 khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dziko (Constitutional Court), lija la pa Braamfontein, linagamula kuti malamulo awiri ngosavomerezeka chifukwa choti anthu sanafunsidwe mokwanira.

Phungu sadziwa zonse. Aphungu 400 a Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, imene ili ku Cape Town, amagwira ntchito m'makomiti, ndipo nkhani amazimva kwa akuluakulu a unduna, kwa ofufuza a Nyumbayo, komanso kwa aliyense wobwera ndi mapepala ake. Mabanki ndi makampani a migodi ali ndi anthu olipidwa kuti azichita zimenezi tsiku ndi tsiku. Si ziphuphu ayi, bola pasakhale kulowetsana ndalama m'thumba. Chimandiwawa n'chakuti nkhani ya mayi wochapa ndi kusita ku Sandton imakambidwa iye kulibe.

Yambani ndi kudziwa komiti yoyenera. Za maperemiti ndi za komiti ya Home Affairs. Za malipiro ndi za komiti yoona za ntchito. Koma ngati vuto lili pa kiliniki kapena pa sukulu ya mwana, musavutike ndi Cape Town, Nyumba ya Malamulo ya Gauteng ili m'tauni momwe muno. Pa intaneti, bungwe la Parliamentary Monitoring Group limaika mabilu (malamulo amene sanavomerezedwe) amene akukambidwa, imelo ya mlembi wa komiti ndi tsiku lomaliza kulandira maganizo. Tsikulo likadutsa, mwatsala.

Kalatayo isapitirire masamba awiri. Nenani kuti ndinu ndani, gawo liti la bilu likukupwetekani, ndi mawu amene mukufuna asinthidwe. Musalembe kuti “tikuvutika” basi. Lembani kuti mlongo wanu anagwa pa makwerero akupukuta mawindo, dzanja linathyoka, abwana anamudula malipiro a mwezi wonse. Phungu amatha kuinyamula nkhani yotere n'kukafunsa nayo nduna. Kumapeto pemphani mwayi wolankhula pamaso pa komiti.

Musapite nokha. Antchito a m'nyumba anayamba kuwerengedwa pa chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito khoti litagamula mu 2020, ndipo pambuyo pa mlanduwo panali bungwe lawo la SADSAWU. Amene mapepala anu sali bwino, musalembe dzina kapena adiresi yanu; perekani nkhaniyo kudzera ku mpingo kapena ku bungwe la maloya oteteza ufulu wa anthu la Lawyers for Human Rights. Pakatha masabata angapo, werengani zimene komiti inakambirana, ndipo ngati mfundo yanu sinatchulidwe, mulembereninso mlembi uja.