Malangizo a lamba wachikopa ndi sopo wometera ndi lumo lopinda

Pepala ili timaliika m'bokosi la lumo lopinda lililonse lochoka m'sitolo yathu muno mu Harare kupita ku Zambia. Ambiri mwa inu mumagula katunduyu kuti mukagulitse ku msika wa Kamwala ku Lusaka, kapena kwa ometa a ku Chipata ndi ku Katete, ndipo mafunso amene mumatifunsa ndi omwewo chaka ndi chaka. Tawayankha m'Chinyanja kuti ndi amene sanafike kuno adziwerengere okha.

Lamba sanola lumo

Kunola ndi ntchito ya mwala, ndipo lumo losamalidwa bwino limabwerera pamwala pakapita miyezi ingapo. Mbali yakuthwa ya lumo ndi yopyapyala kwambiri, moti ikamadula ndevu imapindika pang'ono, mwa mtundu woti maso sangaone. Lamba amaiwongola ndi kuisalaza. Lumo likabuntha ndithu, ngakhale mulikhule pachikopa mpaka dzuwa kulowa, silimeta. Munthu akakubwezerani lamba ati ndi wabodza, yambani mwamufunsa ngati lumo lake linanoledwapo, chifukwa malumo ena amatuluka m'fakitale asanathwe mokwanira. Malumo a chitsulo chabwino, monga a Dovo a ku Solingen ku Germany kapena a Thiers Issard a ku France, amamva chikopa msanga. Aja otchipa a chitsulo chofewa samva mwala, samva lamba.

Kusankha lamba

Tili ndi mitundu iwiri. Wina ndi wopachika, wokhala ndi chokolera kumutu ndi chogwirira kumunsi. Wina ndi chikopa chomatidwa pathabwa. Wapathabwa salenda, choncho amamuyenera munthu wongoyamba kumene komanso woyendayenda, koma ndi wamfupi. Wopachika ndiye amene ometa akale amakonda, ndipo ndi amene tikufotokoza kwambiri pano.

Yang'anani m'lifupi musanayang'ane china chilichonse. Mbali yakuthwa ya lumo imatalika pafupifupi mainchesi 3, kapena kuti masentimita 7 ndi theka. Lamba wa mainchesi 3 amalandira lumo lonse nthawi imodzi, inu n'kumangopita ndi kubwera molunjika. Wa mainchesi 2 kapena 2 ndi theka amafuna kuti muziyendetsa lumo mopingasa, ngati mukulemba X, kuti mbali yonse ikhudze chikopa. Si ntchito yovuta, koma dzanja losazolowera limaiwala nsonga.

Chikopa, chimene ena kwathu amati chikumba, chimakhala cha ng'ombe kapena cha hatchi. Cha ng'ombe chotchedwa latigo chili ndi mafuta ambiri ndipo chimagwira lumo, mumamva kulemera pokoka. Cha hatchi chotchedwa shell cordovan ndi chosalala, lumo limathamanga, koma mtengo wake ndi wowawa. Ife tinganene mosabisa kuti lamba woyamba asakhale wodula. Mudzamutema, palibe amene anaphunzira osatema chikopa, ndipo kulira pa chikopa cha ng'ombe kumatha msanga. Chofunika ndi chakuti chikhale chathyathyathya, chopanda zipsera, makwinya kapena ming'alu. Chigonekeni patebulo muone ngati m'mphepete mwake simunapindikire m'mwamba. Lamba wa thalauzi musamuyese n'komwe: ulusi, mabowo ndi utoto wake zimawononga lumo.

Malamba ambiri amabwera ndi nsalu yolimba kumbuyo kwake. Imeneyo imachotsa zotsalira za sopo ndi chinyezi lumo lisanafike pachikopa.

Kagwiritsidwe kake

Kolekani lamba pamsomali kapena pachitseko cholimba, pamsinkhu wa m'chiuno, ndipo mumukoke kuti awongoke. Akalenda, chikopa chimakulunga mbali yakuthwa ndi kuibunthitsa. Gonekani lumo chathyathyathya, msana wake ndi mbali yakuthwa zonse zikhudze chikopa. Msana ndiwo utsogole, mbali yakuthwa izitsatira pambuyo. Mukafika kumapeto, tembenuzirani lumo pamsana pake, msanawo osachoka pachikopa, kenako bwererani. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amatembenuzira kumbali yakuthwa, kapena amayamba kubwerera lumo lisanagone, ndiye chikopa chatemeka, lumo labuntha.

Musakanikize. Kulemera kwa lumo lenilenilo n'kokwanira. Pitani ndi kubwera maulendo 20 pansalu, kenako 40 mpaka 60 pachikopa, nthawi iliyonse musanamete. Liwiro lija mumaliona kwa akatswiri lidzabwera lokha. Sabata zoyamba chitani pang'onopang'ono, ndipo ngati muli ndi lumo lakale lobuntha, phunzirirani pa limenelo.

Za mankhwala obiriwira opaka pa lamba otchedwa chromium oxide: iwo amadya chitsulo pang'ono, ndipo amadzutsa lumo limene layamba kukoka ndevu. Apakeni pathabwa kapena pa lamba wina wapadera, maulendo 10 akwana. Mukawapaka pa lamba wa tsiku ndi tsiku sachokanso.

Chikopa chimasamalidwa ndi chikhatho. Chipukuteni ndi dzanja loyera musanayambe, mafuta a m'dzanja ndi okwanira. Chikauma kwambiri ndi kutentha kwa mu Okutobala, pakani kadontho ka mafuta ofewetsera chikopa otchedwa neatsfoot oil, osati mafuta ophikira kapena polishi wa nsapato. M'nyengo ya dzinja musamusiye lamba m'bafa, amachita chuku. Mpachikeni m'chipinda chouma, osamupinda. Chikatemeka pang'ono, salazani ndi sandpaper yosalala kwambiri.

Sopo

Sopo wosambira kapena wochapira si wometera. Thovu lake limaphwa mphindi imodzi isanathe ndipo limaumitsa khungu. Lumo lopinda limameta pang'onopang'ono, choncho limafuna thovu lokhalitsa komanso loterera. Werengani zolembedwa pachikuto. Sopo wabwino amakhala ndi stearic acid pakati pa zinthu zoyambirira kutchulidwa, nthawi zambiri pamodzi ndi potassium hydroxide, mafuta a ng'ombe kapena a kokonati, ndi glycerin. Mafuta a ng'ombewo pachikuto amalembedwa kuti tallow. Amene safuna zochokera ku nyama ayang'ane liwu limenelo.

Arko wa ku Turkey ndi wotchipa, amachita thovu ndi madzi alionse, ngakhale fungo lake ena salikonda. Proraso wobiriwira wa ku Italy ali ndi bulugamu ndi menthol, amazizira bwino pakatentha, koma khungu losachedwa kuyabwa limatha kukana. Tabac wa ku Germany ndi wolimba, amakhalitsa miyezi. Mitchell's Wool Fat wa ku England ali ndi lanolin, mafuta a ubweya wa nkhosa, ndipo amafewetsa khungu, komabe kwa ogula a ku Lusaka sitimulimbikitsa poyamba.

Chifukwa chake ndi madzi. Lusaka anamangidwa pamiyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo yake ali ndi laimu wambiri, uja amasiya zoyera m'ketulo. Laimuyo amalimbana ndi sopo, thovu n'kumatuluka lochepa. Sopo amene anachita bwino titamuyesa kuno akhoza kukukhumudwitsani kumeneko, iye osalakwa. Mankhwala ake ndi kutola sopo wochuluka paburashi, kapena kugwiritsa ntchito madzi a mvula osefedwa.

Nyikani burashi m'madzi ofunda, ya ubweya wa nguluwe mphindi zingapo, ya ulusi wopanga kungoinyowetsa. Ikutumuleni, izungulizeni pasopo theka la mphindi, kenako pakani kumaso mukuwonjezera madzi timadontho. Thovu loyenera limanyezimira ndipo lilibe mabowo akuluakulu. Lija louma lotukumuka limakoma m'maso chabe, lumo limakakamira. Likauma musanamalize tsaya, pakaninso.

Ndevu zathu

Malangizo ambiri ochokera kunja salankhula za ichi. Ndevu zopotana zikadulidwa pafupi kwambiri zimabwerera kulowa m'khungu, n'kuyambitsa totupa tija ta pansi pa chibwano. Metani motsata kumene ndevu zagonera, osati mobwerera, ndipo musakoke khungu mopitirira. Lumo lipendekeke pang'ono chabe, msana wake utalikire khungu ngati kunenepa kwa misana iwiri. Muli ndi totupa kale, dikirani tipole. Mukatha sambani ndi madzi ozizira, ndipo mwala wa alamu umaletsa magazi pa timabala ting'onoting'ono.

Lumo lopinda ndi la munthu mmodzi. Magazi otsalira palumo amatha kufalitsa matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C komanso HIV, ndipo lamba sapha tizilombo. Inu a malo ometera, kwa makasitomala gwiritsani ntchito chogwirira chija cholowetsa lezala yatsopano pa munthu aliyense. Chimenecho sichifuna lamba.

Mukamaliza pukutani lumo liume, makamaka polumikizira chogwirira, chifukwa chitsulo cha carbon chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Ngati mulisunga nthawi yaitali, lipakeni kadontho ka mafuta a makina osokera.

Okwera basi pa siteshoni ya Roadport muno mu Harare kudzera pa malire a Chirundu, lamba mumugoneke chathyathyathya pansi pa chikwama, kutali ndi sopo ndi zamadzimadzi, ndipo malisiti akhale pafupi pofika pa kasitomu. Okwera ndege, lumo lopinda liikeni m'chikwama chopita kunsi kwa ndege. M'chikwama cha m'manja adzakulandani pachipata.