Momwe mungawerengere masitampa okwanira pa kalata yopita kunja

Musanagule sitampa ngakhale imodzi, muyenera kudziwa kulemera kwa kalata yanu, dziko limene ikupita ndiponso njira imene iyendere. Pa zitatuzi, chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi kulemera, chifukwa mtengo sukwera galamu ndi galamu ayi, koma umalumpha m'magawo amene positi ofesi inaika kale, moti galamu imodzi yopyola malire imakulowetsani m'gawo lokwera mtengo.

Yambani ndi kumaliza kalatayo. Lowetsani mu envulopu mapepala onse pamodzi ndi chithunzi kapena chikalata chilichonse chimene mukufuna kutumiza, kenaka muiyeze pa sikelo yosonyeza magalamu. Kuyeza mapepala okha n'kudzinamiza, pakuti envulopu nayo imalemera. Ngati sikelo palibe, mungathe kuwerengera motere: mapepala 16 a A4 amakwana sikweya mita imodzi, ndipo pa mapepala wamba olembedwa 80 gsm pa paketi, sikweya mitayo imalemera magalamu 80, kutanthauza kuti pepala limodzi ndi magalamu 5. Envulopu yaitali yopyapyala imalemera pafupifupi chimodzimodzi. Choncho mapepala atatu ndi envulopu yake afika kale pa magalamu 20, pamene m'mayiko ambiri gawo loyamba la mtengo limathera pomwepo. Mukangowonjezera pepala lachinayi, ngakhale kachitsulo kopanira mapepala, kalatayo yalowa gawo lachiwiri. Ku United States amawerengera mu ounce, yomwe ndi pafupifupi magalamu 28, koma mfundo yake ndi yomweyo. Magawo otsatira amasiyana dziko ndi dziko, ndipo malire a zonse zoyenda ngati kalata amakhala makilogalamu 2.

Mukadziwa kulemera, onaninso kukula kwa envulopu. Isachepere mamilimita 140 m'litali ndi 90 m'lifupi. Envulopu yaikulu, yokhuthala kapena yolimba kawirikawiri imakhala ndi mtengo wakewake ngakhale itakhala yopepuka, chifukwa makina osankhula makalata amavutika nayo.

Tsopano funani mndandanda wa mitengo wa positi ofesi ya dziko limene mukutumizira muli, kaya pa kauntala kapena pa intaneti, ndipo mutsimikize kuti ndi watsopano. Mapositi ofesi ambiri amaika mayiko m'zigawo, oyandikana nawo paokha ndi akutali paokha. Pezani chigawo cha dziko limene kalata ikupita, mutsate mzere wake kufikira pa gawo la kulemera kwa kalata yanu, ndipo nambala imene mwaipeza pamenepo ndiyo mtengo woyambira. Mumalipira kamodzi kokha, kumene kalata ikuchokera, ngakhale idutse m'mayiko angapo. Izi zimatheka chifukwa cha mgwirizano wa Universal Postal Union, umene unakhazikitsidwa mu 1874 ku Bern m'dziko la Switzerland ndipo lero muli mayiko 192. N'chifukwa chakenso masitampa ogwira ntchito ndi a dziko limene mukuponyera kalatayo basi; a dziko limene ikupita alibe ntchito pa envulopu yanu.

Pa mtengo woyambirawo wonjezerani za njira imene mwasankha. Kumene kuli mitengo iwiri, wa pandege ndi wa pansi, tengani wa pandege ngati mukufuna kuti ifike msanga, ndipo mumate kapepala kolembedwa "Par avion", mawu a Chifalansa otanthauza kuti pandege. Ngati muli zikalata zovuta kuzipezanso zikatayika, ine ndimaona kuti kuumira ndalama ya rejisitala n'kulakwitsa kwakukulu. Ndalamayo amaiphatikiza pamwamba, ndipo mumalandira lisiti lokhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 13, yoyamba ndi R, yothera ndi zilembo ziwiri zoimira dziko limene kalata yachokera.

Chatsala ndi kusintha mtengowo kukhala masitampa. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana 1,350 m'ndalama za kumene muli, ndipo masitampa amene alipo ndi a 500, a 200 ndi a 100. Awiri a 500 ndi awiri a 200 akwana 1,400, ndipo ngakhale mwapyola ndi 50, ndi bwino kutero kusiyana ndi kumata 1,300. Kalata yoperewera masitampa imabwezedwa kwa mwini wake, kapena amaidinda chilembo cha T n'kukalipiritsa woilandira, ndipo zonsezi zimachedwetsa uthenga. Chimodzimodzinso sikelo ikasonyeza nambala yapamalire penipeni, lipirani gawo lotsatira, kapena pemphani wa pa kauntala ayeze yekha, poti sikelo yake ndiyo imene amaikhulupirira.

Matani masitampawo kumtunda, kudzanja lamanja, moyandikana koma osasanjikiza, kuti mtengo wa iliyonse uziwoneka ndiponso chidindo chigwere pa onse. Dzina la dziko lilembedwe palokha pa mzere womaliza wa keyala, m'zilembo zikuluzikulu, pakuti ndi limene wantchito amayang'ana poona ngati mwalipira zokwanira. Dziwaninso kuti zonsezi zikukhudza mapepala okha. Mukaikamo kanthu kena, monga mphete kapena kansalu, mudzafunika kulemba fomu ya kasitomu yotchedwa CN22, ndipo m'mayiko ambiri kalatayo amaiwerengera mtengo wa kaphukusi.