Kugula ndi kugulitsa zotsatira za theka loyamba m'masewero a NBA

Pa misika yolosera zotsatira monga Kalshi ndi Polymarket simubetcha ndi kampani, mumagulana ndi anthu anzanu. Kontirakiti iliyonse imafunsa funso limodzi, mwachitsanzo ngati timu ya Boston Celtics, ya mu NBA (ligi ya basketball ya ku America), ikhale ikutsogola pofika nthawi yopuma. Yankho likakhala inde, imalipira dola imodzi. Likakhala ayi, ndalama yanu yapita. Mtengo wake ndiwo mwayi umene msika ukuipatsa timuyo: masenti 60 akuimira 60 peresenti.

Yambani ndi malamulo a msikawo. Masewero a NBA ali ndi makotala anayi a mphindi 12, choncho theka loyamba ndi mphindi 24. Pamapeto pa masewero, matimu akafanana mphamvu amaonjezera mphindi zisanu, koma pa nthawi yopuma palibe zoonjezera. Pamene kufanana mphamvu kwaikidwa ngati chotsatira chachitatu, amene anagula "inde" pa timu iliyonse mwa awiriwo amaluza.

Kenako werengerani ndalama zimene amadula. Kwa munthu wogula pa mtengo umene waupeza, Kalshi imatenga 0.07, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha makontirakiti, ndi mtengo, komanso ndi chotsala kuti mtengowo ukwane dola. Makontirakiti 100 pa masenti 60 ndi madola 60, ndipo adula 0.07 × 100 × 0.60 × 0.40, yomwe ndi $1.68. Kuti musataye, malonda otere ayenera kumakuyenderani pafupifupi ka 62 mwa 100. Ngati mukuona kuti mwayi wa timuyo ndi 61 peresenti, siyani. Kudulaku kumakula kwambiri mtengo ukayandikira masenti 50, pomwe misika yambiri ya theka loyamba imayambira.

Mwayiwo mumaupeza bwanji? Timu imene ikuyembekezeka kupambana ndi mapointi 8 nthawi zambiri amaipatsa mapointi anayi kapena kuposera pang'ono pa theka loyamba, ndipo anayi ndi ochepa zedi: three-pointer imodzi (chigoli choponyera patali cha mapointi atatu) ndi free throw imodzi (kuponya popanda wotchinga, kwa pointi imodzi), afafanizika. N'chifukwa chake timu yamphamvu siyenera kukwera mtengo pa theka monga imakwerera pa masewero onse. Onaninso lipoti la ovulala. Matimu amalipereka pofika 5 koloko madzulo a tsiku loti mawa asewera, koma limasintha, ndipo osewera asanu oyamba amadziwika kutatsala mphindi pafupifupi 30. Wosewera akalembedwa kuti questionable, kutanthauza kuti sizikudziwika ngati asewere, dikirani.

Masewero akayamba, maso akhale pa mafaulo. Wosewera amatuluka akafika asanu ndi limodzi, ndiye makochi ambiri amamukhazika pansi katswiri akachita awiri m'kotala yoyamba kapena atatu m'yachiwiri. Pa masewero onse adzabwerera n'kukonza zinthu, koma pa msika wa theka mphindi zakezo zapita. Kumayambiriro kwa kotala yachiwiri akatswiri ambiri amakhala akupuma, choncho timu ya benchi yofooka imataya mapointi pamenepo. Ndipo timu ikagoletsa ma three-pointer 7 mwa 9 m'kotala yoyamba, musathamangire kugula; mu ligi yonse amalowa pafupifupi 36 mwa 100, ndipo moto wotere suchedwa kuzirala.

Chimene chimapha ambiri ndi kuchedwa kwa zithunzi. Masewero amene mukuonera pa intaneti amatsalira m'mbuyo masekondi angapo, mwina makumi, pamene timu imakhala ndi masekondi 24 okha kuti iponye mpira. Mtengo ukagwa mwadzidzidzi pomwe inu simunaone kanthu, sikuti watchipa, ena aona kale zimene zachitika.

Misika ya theka imakhala ndi anthu ochepa, ndiye wogula amatha kunena masenti 55 wogulitsa akufuna 61. Mukagula pa 61 n'kufuna kugulitsa pompo, mwataya kale masenti 6. Gwiritsani ntchito limit order, muike mtengo wanu n'kudikira, koma muichotse mpira ukayamba kuyenda, chifukwa oda yoiwalika imatengedwa nthawi imene zinthu zakutembenukirani.

Pa masewero amodzi musaike zoposa 1 kapena 2 peresenti ya ndalama zimene mwapatula, ndipo zikhale zoti kutayika kwake sikukhudza chakudya kapena fizi ya ana. Mukaluza theka loyamba musabwezere pa lachiwiri. Musanatsegule akaunti, onani ngati msikawo ukulandira anthu a dziko limene mukukhala, chifukwa kubisa kumene muli kungatsekeretse ndalama zanu mkati.