Mazira a milamba m'thanki ya galasi: kuwazindikira ndi kuwasamala

Amene mumaweta nsomba m'thanki ya galasi, tsiku lina mudzadzuka m'mawa n'kupeza timibulu titamatirira pagalasi. Musathamangire kupukuta. Yambani mwadziwa nsomba imene yaikira, chifukwa mitundu iwiri ya milamba imene anthu amakonda kuweta m'mathanki imasiyana kotheratu: wina umadya mazira ake, wina umawalondera.

Choyamba tsimikizani kuti si mazira a nkhono. Nkhono zing'onozing'ono zobwera ndi zomera zimaikira mazira ambiri m'kachinthu kamodzi koterera ngati mamina. Nkhono za nerite zimamwaza mazira oyera, olimba, onga njere za chitowe, ndipo sachoka msanga ngakhale muwakande. Dzira la mlamba ndi lobulungira, ndipo mukaligwira limanata.

Timilamba ta mtundu wa Corydoras, tochokera ku South America, timaikira poyera: pagalasi, pansi pa masamba, ngakhale pachosefera madzi. Dzira lililonse limakhala pafupifupi mamilimita 2. Yaikazi imanyamula mazira ochepa pakati pa zipsepse ziwiri za pamimba, n'kukawamata pamalo amene yasankha, kenako kubwereranso kwa yaimuna. Nchifukwa chake mumawapeza timagulu timagulu, apa ndi apo. Kawirikawiri zimaikira mukangosintha madzi n'kuthiramo ozizirirapo pang'ono, poti kwawo kuzizira kotero kumadza ndi mvula. Zikatha kuikira, ntchito yatha. Makolowo ndi nsomba zina zimayamba kuwatola limodzi limodzi.

Mazira amenewa achotseni. Koma dikirani maola angapo kuti alimbe, chifukwa ongoikiridwa kumene amaphwanyika. Sambani m'manja ndi madzi okha, opanda sopo, ndipo gubuduzani dzira pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala mpaka limamatire kuchalacho. Ena amagwiritsa ntchito lezala kapena khadi lapulasitiki. Ine ndimakonda chala, poti chimamva pamene mukufinya kwambiri. Ngati ali patsamba, dulani tsamba lonselo. Aikeni m'kachidebe koyera momwe mwathira madzi a m'thanki yomweyo, motalikirana, osati mulu umodzi. Ikanimo kapaipi kotulutsa thovu la mpweya pang'ono chabe, kuti madzi aziyenda koma mazira asamakankhike. Madzi akhale ofunda madigiri 24 mpaka 26. Njira yosavuta ndi kuyandamitsa kachidebeko m'thanki momwemo.

Mdani wamkulu ndi chuku. Dzira lamoyo limasintha mtundu pakapita tsiku limodzi kapena awiri, limayamba kudera ngati tiyi wothira mkaka pang'ono, ndipo likayandikira kuswa mumaona kanthu kakuda m'kati mwake. Dzira limene silinakumane ndi mbewu ya yaimuna limayera mbee, kenako limamera ubweya ngati thonje. Ubweya umenewo umafalikira kwa loyandikana nalo, ndipo masiku awiri okha atha kukuwonongerani gulu lonse. Choncho yang'anani m'mawa ndi madzulo, loyera lililonse lichoke nthawi yomweyo. Kadontho ka mankhwala a methylene blue, kongosintha madzi kukhala obiriwira pang'ono ngati thambo, kamathandiza kuletsa chuku. Tsatirani muyezo wolembedwa pabotolo, ndipo musawathire m'thanki yaikulu chifukwa amapha tizilombo tothandiza tokhala m'chosefera. Ena amaika m'kachidebemo tsamba louma la mtengo wotchedwa Terminalia catappa. Zonsezi n'zothandiza, koma sizingalowe m'malo mwa diso lanu. Tsiku lililonse chotsani theka la madzi m'kachidebemo, muthire ena ofunda chimodzimodzi.

Pakapita masiku 3 mpaka 5 mazira amaswa. Tiana timatuluka ndi kathumba ka chakudya pamimba, choncho masiku awiri kapena atatu oyambirira musatipatse kanthu; chakudya chothiridwa nthawi imeneyi chimangoola n'kuipitsa madzi. Kathumbako kakatha, yambani ndi tinyongolotsi tating'onoting'ono ta microworm kapena tinkhanu tating'onoting'ono ta m'madzi a mchere totchedwa brine shrimp tongoswa kumene, pang'ono pang'ono kangapo patsiku, ndipo zotsala muzizikoka ndi kapaipi. Mukatisamutsira m'thanki, chosefera chikhale cha siponji kuti chisatimeze.

Kwa milamba ya Ancistrus, ija yaimuna yake imamera tinyanga tofewa pamphuno, malangizo ndi ena. Mazira ake ndi akulupo, achikasu chopita ku olenji, ndipo amamatirana pamodzi m'phanga kapena m'kapaipi. Mwina simungawaone n'komwe. Chizindikiro ndi yaimuna imene yalowa m'phanga osatulukanso, ngakhale nthawi ya chakudya, ikungokupiza zipsepse. Ikupemerera mazira madzi a mpweya ndi kuwayeretsa, ntchito yomwe inu mukanavutika nayo m'kachidebe. Isiyeni. Musanyamule phangalo, ndipo musamaunikemo ndi tochi kawirikawiri, chifukwa ikasokonezeka imatha kukankhira mazira kunja. Amaswa pasanathe sabata kapena chapomwepo, ndipo tiana timakhalabe m'phangamo ndi bambo wawo mpaka kathumba kathe. Mukapeza mulu wa mazira achikasu uli pansi kunja kwa phanga, apo mpamene muutole n'kuusamalira m'kachidebe, mpweya ukuwomba pafupi nawo. Tiana ta Ancistrus tikayamba kudya timakonda ndere zomera pagalasi ndi tizidutswa ta masamba ofutsa pang'ono.